Bulangete la Mlendo

"Imeneyo ayi, bambo, ndi mafupa okhaokha. Ndigwirireni yofiirayo."

Phyllis sanadikire kuti amugwirire. Anapisa yekha dzanja m'khola la waya, nakoka nkhuku yofiira ija, naipapasa pachifuwa monga ankachitira pa msika wa ku Luchenza. Mwini nkhukuzo, bambo wachikulire wa ku Portugal amene ankagulitsa pa msika wa Kensington, anaseka. Onse awiri Chingerezi chawo chinali chophunzira atakula, choncho ankamvana bwino.

"Kuli phwando?"

"Kukubwera mlendo."

"Mmodzi yekha, nkhuku yonseyi?"

"Mmodzi yekha. Koma ndi wa kwathu."

Bamboyo anaipha, kuisosola, n'kuikulunga m'nyuzipepala. Phyllis anaima pomwepo kuonetsetsa kuti nthutumba isatayidwe, chifukwa imeneyo ndi ya mlendo.

Linali Lachitatu, mwezi wa Julaye, chaka cha 1975. Phyllis anali atakhala ku Toronto zaka zisanu. Ankagwira ntchito pa nyumba yosamalira okalamba ku North York, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Ankagona m'kachipinda ka lendi, pamwamba penipeni pa nyumba ya Mayi Ferreira, kumunsi kwa msewu wa Bathurst. Pawindo lake pankaoneka njanji, msewu waukulu wokwera pa zipilala, ndi kachigawo ka nyanja pakati pa nkhokwe zazitali za simenti.

M'kachigawo kameneko ndi mmene munkadutsa sitima yoyera. Inkabwera nyengo yotentha yokha, pakapita masiku khumi alionse. Sinkanyamula katundu. Inkanyamula anthu ongoyenda basi: agone pamadzi, adye, aone mizinda, n'kubwerera kumene anachokera. Poyamba Phyllis sankamvetsa. Ulendo wopanda maliro, wopanda ukwati, wopanda wodwala wokamuona, ndi ulendo wanji? Koma anaizolowera sitimayo. Tsiku lake lopuma likakumana ndi tsiku la sitima, ankayenda wapansi mpaka pa doko, n'kuima pambali pa shedi kuonerera anthu akutsanzikana. A m'sitima ankabaibitsa aliyense, womudziwa ndi wosamudziwa yemwe, ndipo iye ankakweza dzanja pang'ono, kenako n'kulibweza msanga. Chisanu chikafika, madzi a pa doko n'kuundana, sitima inkasiya kubwera, ndipo pawindo paja pankasowa choyang'ana.

Sabata yapitayo analandira kalata yochokera ku Montreal. Anailemba ndi Mercy, msuweni wake, mwana wa amalume ake. Mercy ankasamalira Dona Macrae, mayi wokalamba wa pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, amene miyendo inali itasiya kuyenda. Mwana wa Dona, wokhala ku Montreal, anaitanitsa mayi ake n'kuwakonzera ulendo wa pa sitima yoyera ija, ndipo Mercy anatengedwa kuti azikankha mpando wa matayala. "Tifika kwanuko Lachinayi m'mawa, tinyamuka folo koloko madzulo," inatero kalatayo. "Asuweni, sesani pabwalo, mwini mudzi akubwera."

Phyllis anaiwerenga kalatayo mpaka inafewa mopindamo. Sichinali chifukwa cha kusowa munthu wa kwawo kokha. Mercy analipo pa maliro a mayi ake.

Mayi ake a Phyllis anamwalira mu Ogasiti, zaka ziwiri zapitazo. Uthenga unabwera m'kalata ya mlongo wake Jailosi, mizere inayi yokha, maliro ataikidwa kale masabata atatu. Atawerenga, Phyllis anakhala pansi n'kuyamba kulira monga amalirira kwawo, mokweza, kutchula mayi ake. Sanafike patali. M'chipinda choyandikana ndi chake munkagona bambo wina wogwira ntchito usiku ku bekale, kophikira buledi, amene usana unali usiku wake. Anamenya khoma katatu. Mayi Ferreira anakwera ndi kapu ya madzi ndi mapilitsi, nafunsa mwachifundo ngati aitane dokotala. Phyllis anameza kulira kuja. Lamulungu lake kunabwera a Ambrose ndi akazi awo Grace, anthu a kwawo amene anadziwana nawo konkuno, kuchokera ku Scarborough. Anapemphera, anaimba nyimbo imodzi chapansipansi, kenako anathamangira basi. Anachita zimene akanatha. Koma mayi ake sankawadziwa, ndipo kumanda kunalibe. Panalibe womuuza kuti matenda anayamba bwanji, anadya chiyani komaliza, anasambitsa ndani, ananena mawu anji.

Panalinso nkhani ya bulangete. Mayi ake ankadandaula chisanu cha Juni m'kalata iliyonse, ndiye Phyllis anawatumizira bulangete loyera, lochindikala, la mizere inayi yamitundu kumapeto. Linanyamuka mu Disembala, miyezi isanu ndi itatu iwo asanamwalire. Katatu konse anamufunsa Jailosi ngati linafika. Jailosi ankayankha za chimanga, za denga, za mbuzi, koma za bulangete ankalumpha.

Choncho chimene Phyllis ankafuna kwa Mercy chinali chimodzi: akhale naye pansi, amufotokozere maliro a mayi ake kuyambira pachiyambi, amuuzenso ngati bulangete lija linawapeza ali moyo.

Atafika kunyumba ndi nkhuku yake, foni ya m'khonde inalira. Anali Grace.

"Sisi, ndiye mwaswapa shifiti?"

"Ndaswapa ndi mnzanga. Ndidzalowa Lamulungu."

"Ine pepani, mawa ndili pa dyute, a Ambrose nawonso ali ndi miting'i. Koma ndikuuzeni, sisi. Anthu a pa sitima nthawi yawo ndi yoyeza ndi supuni. Mukangomuona, m'funseni pomwepo."

"Pamsewu? Munthu wachoka kutali, asanamwe ndi madzi omwe, ine n'kuyamba za maliro chiimirire? Zimenezo n'za kuti?"

"Kuno n'ku Canada, sisi."

"Iyeyo si wa ku Canada."

Grace anaseka. "Chabwino. Mudzandifonere mukatha."

Lachinayi, nayini koloko isanakwane, Phyllis anali kale pa doko, atavala diresi la kutchalitchi, chitenje chili m'chikwama. Sitima inamangidwa ndi zingwe zonenepa ngati ntchafu ya munthu. Mabasi atatu anaima pamzere, ndipo anthu a m'sitima anatsika ndi makamera m'khosi, kupita kukaona mathithi a Niagara. Phyllis anayang'ana nkhope iliyonse. Mabasi anadzaza, ananyamuka. Mercy panalibe.

"Asuweni! Asuweni inu! Yang'anani kumwamba, mukufuna ndani pansipo?"

Mercy anali atatsamira chitsulo cha m'mphepete mwa sitima, atavala yunifolomu yoyera ndi duku lobiriwira.

"Dona sapita ku mathithi, mapazi atupa! Ndituluka akadya n'kugona, wani koloko! Koma fili koloko ndikhale nditabwera!"

Maola awiri. Phyllis anabwerera kunyumba, anaphika mpunga, anatenthetsa nkhuku, anasesanso chipinda chosesa kale. Hafu pasiti thwelofu anali atabwereranso pa doko.

Mercy anatsika wani koloko itapitirira ndi mphindi khumi. Anagwirana manja onse awiri, osasiyana, akuyang'anana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Koma mwayera, asuweni! Amakusungani m'firiji kuno?"

"Inu ndiye mwakula m'mbali. Mukumalizira mbale za Dona eti?"

"Nanga ndizitaya? Mmenemo amadya kasanu pa tsiku. Mafoloko atatu munthu mmodzi, ngati ali ndi pakamwa patatu. Ndiye pamwamba pake anakumbapo dziwe. Madzi pansi, madzi pamwamba, anthu akusambira pakati!"

Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Chiyambire Khirisimasi, Phyllis anali asanasekepo mokweza chotero.

"Ndiye mukusangalala," anatero Phyllis.

"Aa, kusangalala kwake kuti? Anthu mazana awiri, koma ine ndimacheza ndi mabondo a Dona. Amandimwetulira, n'kundidutsa. Wondipatsa moni ndi mdala mmodzi wa ku Greece, wokoka zingwe. Sitimvana chilichonse, timangogwedezerana mitu." Mercy anayang'ana benchi imene inali pamthunzi wa shedi. "Bwanji tingokhala apa, asuweni? Nthawi yanga ndi yochepa."

"Pa doko? Mukauze anthu kwathu kuti Filisi anandilandirira pamsewu ngati thumba la feteleza? Kwanga si kutali. Tiyeni."

Kunali kutali ndithu kwa munthu wovala nsapato zopatsidwa. Nsapato za Mercy zinali za Dona, zothina kuzala, ndipo ankayenda ngati akuponda minga. Pa mphambano anaimanso, khosi chagada, kuyang'ana nsanja yaitali ya simenti imene inali isanathe kumangidwa.

"Akufuna akatenge chiyani kumwambako?"

"Tiyeni, asuweni, mudzaiona pobwerera."

Pokwera masitepe a kwa Mayi Ferreira, wotchi ya pamkono wa Phyllis inali pa kota tu thuu.

Anamukhazika mlendo pa mpando umodzi umene unalipo, iye nagwada ndi beseni la madzi ofunda. Anapemphera. Kenako moni, monga uyenera kukhalira. Amalume ali bwanji, nyamakazi ija inatha? Ana a Jailosi afika kalasi yanji? A Lameck a kuseri kwa tchalitchi akadali moyo? Mercy ankayankha mmodzimmodzi. Dzina lililonse limene ankatchula linkazungulira nyumba imodzi yokha, ndipo onse awiri ankadziwa kuti ndi nyumba iti. Koma maliro sakambidwa chakudya chili m'kamwa. Phyllis sakanafunsa mlendo asanakhute, ndipo Mercy sakanayamba mbale zili patsogolo.

"Nthutumba iyi ndi yanu."

"Ndakhuta, asuweni."

"Mwadya chiyani? Onjezerani mwendo uwu."

"Mukufuna sitima imire?"

Phyllis anamwetulira, koma iye mwini mpunga sunkatsika. Ankangousuntha m'mbale, maso ali pa wotchi. Anathira tiyi, chifukwa mlendo sangachoke osamwa tiyi. Mercy anamwa akuuzira, akupsa milomo.

Mphindi makumi awiri ndi zisanu zitapitirira thuu koloko, Mercy anasamba m'manja. Anavula nsapato zija, anatsika pampando, nakhala pansi atatambasula miyendo. Nkhope yake inasintha.

"Bwerani pansi, asuweni."

Phyllis anakhala pambali pake. Mercy anaika manja kumutu, napuma mozama, ndipo mawu anatuluka okwera, monga amatulukira pakhomo pa siwa.

"Azakhali anga ine! Azakhali anga, mwandisiyira ndani..."

Kuseri kwa khoma bedi linalira. Kunamveka kutsokomola, kenako chibakera pakhoma. Kamodzi, kawiri, katatu.

Phyllis sanadziwe kuti dzanja lake lafika bwanji pakamwa pa Mercy.

"Muno ayi. Chonde, muno ayi."

Mercy anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono. "Ndani ameneyo?"

"Amagwira ntchito usiku. Akugona. Akadandaula kwa eni nyumba..."

"Ndiye tinong'onezane? Ine maliro onong'ona sindiwadziwa." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Asuweni, zaka ziwiri zonsezi, munalira kuti?"

"Mu pilo."

Mercy anayang'ana kachipindako: bedi limodzi, mpando umodzi, kapu yachiwiri imene inali ikadali ndi kapepala ka kusitolo kunsi kwake. Kenako anagwira mkono wa Phyllis n'kuutembenuza kuti aone wotchi.

"Mayo! Dona adzuka. Tiyeni, ndikuuzani m'njira."

Phyllis anakulunga nkhuku yotsala m'pepala, kamba wa paulendo, ngakhale ankadziwa kuti m'sitimamo amadya kasanu. Anatsika masitepe monyang'ama.

M'njira sizinatheke. Mercy ananyamula nsapato m'manja, akuyenda chothamanga pa simenti yotentha. Pansi pa msewu wa zipilala uja malole ankadutsa pamwamba pa mitu yawo ngati mabingu, ena m'mbali mwawo. Mercy anayamba, "Zinayamba nthawi yokolola," koma lole ya simenti inameza mawu otsalawo. Anayambanso, sitima ya pamtunda inalira pa njanji. Phyllis ankangoona milomo ikugwedera. Mumtima ankamva mawu a Grace. Maola awiri anali nawo m'manja, ndipo anawathera pa beseni, pa mwendo wa nkhuku, pa tiyi.

Anafika pa doko fili koloko itapitirira kale. Mabasi a ku Niagara anali atabwerera. Anthu ankakwera kamlatho kolowera m'sitima, atapsa ndi dzuwa, atanyamula tizipewa ndi timbendera. Pamwamba oimba anali atayamba kuliza malipenga. Munthu wa yunifolomu anaima pa kamlathopo akufuula kuti hafu pasiti fili achotsa kamlathoko.

Phyllis anapereka kaphukusi ka nkhuku kaja. Mawu anatuluka owuma.

"Pitani, asuweni, Dona angakukalipireni. Mudzandilembera."

"Kulemba? Jailosi analemba. Zinakuthandizani?"

Anaima choncho, anthu akuwadutsa uku ndi uku. Phyllis anayang'ana sitima, anayang'ana anthu a makamera, anayang'ana mlonda wa pa geti. Zaka zisanu anakhala m'dziko lino akuyenda monyang'ama, akutseka zitseko mosamala, akuseka ndi dzanja pakamwa. Mphindi makumi awiri zikatha, munthu yekhayo amene anaona nkhope ya mayi ake komaliza akhala ali pamadzi.

Anatsegula chikwama, natulutsa chitenje. Anachiyala pa simenti, pafupi ndi chitsulo chachikulu chimene anamangapo chingwe cha sitima. Anavula nsapato za kutchalitchi n'kuziika pambali. Anakhala pansi, natambasula miyendo.

"Pano pomwe," anatero.

Mercy anakhala pambali pake, phewa kukhudza phewa. Woyamba kulira anali Mercy, koma sanafike patali yekha. Kulira kwa Phyllis kunatuluka ngati madzi ophwanya mgula wa m'dimba. Anaitana mayi ake. Anawafunsa chifukwa chimene sanamudikire. Anawauza kuti kuno kulibe womufunsa ngati wadya. Malipenga a pamwamba ankalirabe nyimbo yovina, koma iye sankawamva.

Anthu anaima. Bambo wina anakweza kamera, mkazi wake naitsitsa ndi dzanja. Mlonda wa pa geti anabwera chothamanga kufunsa ngati wina wavulala. Asanafike, mdala wokoka zingwe uja anamutchingira njira. Anangovula chipewa chake n'kuchigwira pachifuwa, ndipo mlondayo anabwerera.

Kulira kutatsika, Mercy anapukuta nkhope ndi nsonga ya duku, nayamba kufotokoza ndi mawu apansi, mwadongosolo, osadumpha kanthu.

"Zinayamba nthawi yokolola. Chifuwa. Ankati ndi fumbi la mapesi. Mu Julaye Jailosi anawatengera ku chipatala cha mishoni, anagonako masiku asanu ndi anayi, iwo n'kunena kuti ndibwezereni kwathu, nkhuku zanga zikusowa wotsekera. Tinkasinthana kugona nawo, ine ndi akazi a Jailosi. Lachinayi anapempha chinangwa chootcha. Anadya kachidutswa kotere, anamwa madzi. Lachisanu m'mawa, dzuwa litangotuluka, anati nditembenuzeni ndiyang'ane kukhomo. Tinawatembenuza. Basi, anapita choncho, mwakachetechete, dzanja lili m'manja mwanga. Ndinawasambitsa ndine, ndi mayi a kwa Bester. Amayi a Mvano anabwera onse ndi yunifolomu. Anagona pafupi ndi abambo anu, kumunsi kwa mtengo wa mbawa uja."

Phyllis ankagwedeza mutu pa mawu alionse, ngati munthu amene akulandira katundu wake mmodzimmodzi.

"Nanga bulangete?"

"Linafika. Mu Epulo. Jailosi anakalitenga ku positi pa njinga. Mudzi wonse unabwera kudzaligwira."

"Ndiye anafunda. Chisanu cha chaka chimenecho anafunda."

Mercy anayang'ana pansi. "Ayi."

"Ayi?"

"Loweruka lililonse ankaliyanika pa chingwe, mbali ya kunjira, kuti odutsa aone. Madzulo n'kulipinda, kulibwezera m'sutikesi. Tinkawauza, azakhali fundani, chiperoni chafika, mukutsokomola. Iwo amvekere, 'Ili ndi la mlendo. Filisi wazolowera zofunda za kwa azungu. Akadzabwera adzagona ndi chiyani, chiguduli changachi?'"

Phyllis anagwira chitenje ndi manja onse awiri.

"Ndiye munawaika nalo."

"Tinkafuna. Koma anakaniratu akadali ndi mawu. Anamugwira Jailosi pamkono, akuti, 'Ukadzandikwirira nalo, mwana wanga adzafunda chiyani?' Anapita ndi lakale lija, la zigamba. Jailosi mpaka lero manyazi. Akuti ndimuuza bwanji mlongo wanga kuti amayi tinawaika ndi chiguduli, bulangete lake lili m'sutikesi? N'chifukwa chake amakulemberani za mbuzi."

"Lilipobe?"

"Lilipo. Palibe amene analifundapo. Likudikira mwini wake."

Sitima inalira, kulira kwakukulu kogwedeza m'mimba. Mercy anadzambatuka, anatola nsapato ndi kaphukusi ka nkhuku. Anagwira mutu wa Phyllis n'kuukanikiza pamimba pake kamphindi, kenako anathamanga. Anthu awiri anali atagwira kale kamlatho kuti akachotse, koma mdala wa zingwe anapondapo phazi mpaka Mercy atadutsa.

Zingwe zinamasulidwa. Pakati pa sitima ndi doko panayamba kuoneka madzi akuda. A m'sitima ankaponya timaliboni ta mapepala, akubaibitsa aliyense. Mercy anatulukira pa chitsulo chija akukankha mpando wa matayala. Dona anali atakwinya nkhope, koma Mercy sankawayang'ana.

"Asuweni!" anakuwa. "Nthutumba ija inali yolimba! Kuphika munaiwala!"

"Mano anu ndi amene akalamba!"

Phyllis anakweza dzanja lonse, mpaka pamwamba, osalibweza. Anaima choncho wopanda nsapato mpaka sitima inakhota kuseri kwa zilumba, duku lobiriwira lija n'kusowa. Pa doko panatsala timapepala tonyowa ndi mbalame zoyera. Anakutumula chitenje, anavala nsapato, nayamba ulendo wobwerera yekha.

M'chipinda munali mukununkhirabe nkhuku. Mbale ziwiri, makapu awiri. Anazitsuka, koma kapu yachiwiri sanaibwezere m'kabati. Kuseri kwa khoma bambo wa ku bekale anali atadzuka, akutsegula madzi. Foni ya m'khonde inalira, ndipo anadziwa kuti ndi Grace, koma anaisiya. Amufonera mawa.

Anakokera mpando pawindo, natenga pepala la kalata ya pandege. Kachigawo ka nyanja kaja kanali kopanda kanthu.

"Jailosi mlongo wanga," analemba. "Mercy wandiuza zonse. Usachite manyazi, unachita zimene amayi ananena. Bulangete lija uziliyanika Loweruka lililonse monga ankachitira iwo, njenjete zingadye."

Anaima, cholembera chili m'mwamba. Anali asanapemphe tchuthi kuntchito, ndipo sankadziwa kuti akamuyankha chiyani. Anawerama n'kumaliza.

"Mlendo wake adzafika chaka chamawa, mu Juni, kukuzizira."